Chimbudzi chikamabweza madzi musathamangire khasu, yambani mwatsegula makasha

Abale anga a ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka inu amene muli ku Moatize ndi mu tauni ya Tete, nkhani iyi ndiyonunkha koma tiyikambe basi, poti masiku ano munthu akangogulitsa bwino kachewere kapena fodya wake akufuna chimbudzi chogejemula m'nyumba, nde zimbudzi zimenezi zili ndi tsiku lake lomwe zimakana.

Ine ndili ndi kanyumba ku Ulongwe komwe ndinaikamo anthu a lendi. Tsiku lina la dzinja foni m'mamawa, mayi wa m'nyumbamo akuti bambo bwerani msanga zamuchimbudzi zikutulukira ku bafa. Ndinapita ndi mmisiri wina, dzina lisiyeni, iyeyo kungofika osasuzumira paliponse akuti paipi yaphwanyika pansi tikumbe. Anakumba masiku awiri bwalo lonse kukhala ngati munda wogalauza, piki yake inaboola paipi yabwinobwino malo awiri, mapeto ake vuto tinakalipeza pakhomo penipeni pa fosa, dzenje lomangidwa lija lomwe zonyansa zimakagwera, thewera la mwana litakhala ndii pakamwa pa paipi. Ntchito ya waya ndi mphindi khumi. Ndinalipira kukumba, ndinalipira kukwirira, ndinagulanso paipi ina. Kuyambira pamenepo ndimadzichitira ndekha zambiri, mmisiri ndimamuitana nditadziwa kale pomwe pali vuto.

Poyamba mudziwe ulendo wa madziwa pakhomo panu. Ambirife tilibe paipi yaikulu ya boma yodutsa mu msewu, zonse zimathera pa poloti pathu pomwepa. Mukagejemula, madzi amalowa mu paipi ya PVC ya mamilimita 110, pomwe za ku sinki ndi ku bafa zimayenda mu timapaipi tating'ono ta mamilimita 40 kapena 50. Panja zimakumana mu kabokosi ka njerwa kokhala ndi chivindikiro cha simenti, kamene kuno timangoti kasha, anzathu a ku Dedza amati manihoolo. Kuchoka pa kasha, mwina kudutsa ina ndi ina, zimakagwera mu fosa yomwe nthawi zambiri imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu chachiwiri chaching'ono. Zolemera zimadikha pansi n'kukhala matope, mafuta amayandama pamwamba, madzi apakati ndi amene amapitirira kupita ku direno, dzenje lija la miyala lomwe ena amati sokaweyi, kumene amamwerera m'nthaka. Palibe injini yokankha. Chimene chimayendetsa zonse ndi kutsetsereka kwa paipi basi, nde pena pake pakatseka, chilichonse cha kumtunda kwa malowo chimadzadza pomwe cha kumunsi chimakhala chopanda kanthu. Mukagwira mfundo imeneyi theka la ntchito mwathana nalo.

Musanatuluke panja, yendani m'nyumba muone ndani akudandaula. Ngati ndi sinki ya kukhitchini yokha koma chimbudzi ndi bafa zili bwino, vuto lili pa kapaipi ka sinkiyo, kawirikawiri mafuta ndi makoko a nsima, komanso mchenga ndi phulusa lomwe amayi amakwechera mapoto. Ngati ndi chimbudzi chimodzi chokha, china chili bwino, chinthu chakodwa pakhosi pa chimbudzicho. Koma mukagejemula n'kumva ku bafa kukulira ngati phala likubwata, kapena madzi akuda akutumphukira pa dzenje la bafa monga zinachitira kwanga, pamenepo ndi paipi yaikulu kapena fosa. Madzi amasankha potulukira potsika kuposa ponse, n'chifukwa chake bafa ndi imene imayamba kuona malodza. Funsaninso a m'nyumba kuti zayamba liti. Zongochitika mwadzidzidzi dzulo zili bwino, ndi chinthu chomwe wina waponya, ndipo musayembekezere kuti avomera. Zomwe zakhala zikuchepa mphamvu pang'onopang'ono kwa miyezi ndi mafuta, mizu kapena fosa ikudzadza. Zomwe zimabwera mvula ikagwa n'kutha dzuwa likawala ndi direno.

Uzani aliyense asiye kaye kutsegula madzi. Amene wapanikizika apite kwa aneba kapena ku chimbudzi chokumba ngati munachisunga, ndipo ine ndimati musamachikwirire chija mukamanga chamadzi, tsiku ngati ili chimapulumutsa ulemu.

Valani magolovesi aatali a mpira, majombo, ndi zovala zoti simuzimvera chisoni. Ngati muli ndi bala padzanja ntchitoyi si yanu lero. Ana ndi nkhuku atalikire. Kolera sitichita kuimva pa wailesi kuno, 2015 inavuta mu Tete, 2023 inabweranso, nde madzi awa si oseweretsa.

Ndipo apa mundimvetse bwino. Mu fosa musalowe, musalowetse mwana wa eni ake, olo mutu wokha musaulowetse. Muli mpweya wonunkha ngati dzira lovunda umene ukachuluka mphuno imasiya kuumva, munthu amangofooka n'kugwa osakuwa n'komwe, ndipo wachiwiri amene amatsikira kukamupulumutsa amagwanso chimodzimodzi. Mulinso mpweya wina woyaka moto, nde machesi, kandulo, fodya pakamwa, zonsezo kutali. Younikira ndi tochi. Mukatsegula chivindikiro imani kumene mphepo ikuchokera mudikire mphindi zingapo. Komanso silabu ya fosa yakale musaidalire, mpweya uja umadya simenti ndi zitsulo chapansi pamwamba pakuoneka bwinobwino, musaimepo anthu atatu mukukambirana.

Tsopano tsegulani zivindikiro, kuyambira ku fosa kubwerera chakunyumba, chimodzi chimodzi. Ngati zinamatidwa ndi simenti gobani m'mphepete ndi chizulo pang'onopang'ono, ngati zinakwiririka ndi dothi zifufuzeni pobaya pansi ndi kachitsulo molunjika pomwe paipi imatulukira pa khoma.

Pa fosa anthu ambiri amanamizika pano. Amatsegula n'kuona madzi ali pamwamba nde amakuwa kuti yadzadza itanani galimoto. Ayi, fosa yabwino imakhala ndi madzi nthawi zonse mpaka pa mlingo wa paipi yotulukira. Chimene muyang'ane ndi paipi yolowera, ija yochokera kunyumba. Iyenera kukhala pamwamba pa madzi pang'ono, masentimita 5 kapena kuposerapo. Ngati mukuiona ndipo madzi ali pansi pake, fosa ilibe mlandu, bwererani chakunyumba. Ngati yamira, madzi afika pafupi ndi silabu, ndiye kuti kotulukira kwatseka kapena direno yasiya kumwa, tifikako.

Tinene kuti fosa ili bwino. Pitani pa kasha yoyandikana nayo. Ikakhala yodzadza tho, chotseka chili pakati pa kashayo ndi fosa, ndipo kawirikawiri chimakhala pa T, kapaipi kooneka ngati chilembo T ka polowera mu fosa, pompaja panali thewera langa, mutha kuchikola ndi waya wopinda muli pamwamba. Ikakhala youma, pitani pa yotsatira. Mukapeza yodzadza kumtunda ndi youma kumunsi, mwapeza malo, ndi pakati pa ziwirizo. Mukatsegula onse n'kupeza ouma koma chimbudzi chikukanabe, vuto lili pakati pa chimbudzi ndi kasha yoyamba. Kuti mutsimikize uzani mwana athire ndowa ya madzi m'chimbudzi inu mukuyang'ana mu kasha, muone ngati afika ndi mphamvu, akungodontha, kapena sakufika. Pakhomo pa malendi ambiri pomwe simudziwa paipi iti ndi ya nyumba iti, sungunulani utoto wa zakudya kapena juwisi waufa wofiira m'ndowamo, mudzaona potulukira.

Kukhala kuti ndi pakhosi pa chimbudzi, yambani ndi mpira wopopera uja amagulitsa mu mashopu a zomangira. Palibe? Tengani mopu, ivekeni jumbo yolimba mumange zolimba ndithu kuti isavukire mkati, muikanikize pa dzenje n'kumapopa kangapo mwamphamvu, pamene mukukoka ndi pomwe chotseka chimagwedezeka. Madzi akatsika thirani ndowa yodzadza kuchokera m'chiuno kamodzin'kamodzi. Za sinki, masulani kabotolo kapena kapaipi kokhota ka pansi pake mutatchera beseni, mudzadabwa zomwe zimakhalamo.

Za paipi yapansi pamafunika ndodo. Zilipo zogula zolumikiza ndi mazinga, ndipo mukamagwiritsa zimenezo muzipotokola mbali imodzi yokha, ya kumanja monga momangira, mukabweza kumanzere imamasukira mkati nde mwawonjezera vuto pa vuto. Ine ndimagwiritsa paipi yakuda ija ya madzi ya mamilimita 20 kapena 25, ndi yolimba mokwanira kukankha komanso imapinda pokhota. Chitsulo cha konkire musayerekeze, chimaboola PVC ngati dzungu. Nsungwi nayo imathyokera mkati.

Musanayambe tchingani potulukira pa kasha ya kumunsi ndi sefa ya waya kapena fosholo, kuti chomwe chituluke chisapite kukatsekanso patsogolo. Mutha kulowetsa kuchokera ku kasha yodzadza kukankhira kumunsi, koma mumagwira ntchito mosaona m'madzi akuda. Ine ndimakonda kuyambira ku youma kulozetsa kumtunda, chifukwa chinthucho chimabwera kwa ine n'kuchivuula, kungoti muime chammbali, chikamasuka zimabwera zonse kamodzi ndipo sizipereka moni. Lowetsani mpaka igunde, bwezani pang'ono, gundaninso, muzitembenuza. Pomwe yagunda mangani kansalu pa ndodoyo, mukaitulutsa muigoneke pamwamba pa nthaka kutsata paipi n'kukhoma chikhomo pomwe yathera. Chikhomo chimenechi chidzakuthandizani ngati zifika pokumba. Ngati muli ndi madzi a mphamvu pa mpopi, lowetsani hozi mpaka pa chotsekacho mutsegule, mafuta ndi mchenga zimagumuka bwino ndi madzi, koma hoziyo isadzagwirenso ntchito ya madzi akumwa ndipo musaisiye itamira m'zonyansa madzi atasiya, imatha kuyamwira zoipa mu paipi ya m'nyumba.

Chikatseguka musathamangire kutseka zivindikiro, yang'anani chomwe chatuluka chifukwa ndicho chikuuzeni ngati nkhani yatha. Matewera, mapadi, majumbo, zitsononkho, mapepala a thumba la simenti, miyala, apo vuto ndi anthu osati paipi, khalani nawo pansi ndipo muike kandowa ka chivindikiro m'chimbudzi. Alendo ochokera kumudzi auzeni mwaulemu, munthu amene wakula ndi chimbudzi chokumba saona cholakwa kuponya chitsononkho. Zoyera zolimba ngati sopo ndi mafuta a kukhitchini. Timizu tonga tsitsi ndi mtengo walowa pa joini. Dothi lofiira kapena timiyala pa nsonga ya ndodo ndiye kuti paipi yasweka nthaka ikulowa. Ziwiri zomalizazi zidzabweranso olo mutsegule kangati.

Thirani ndowa zinayi zisanu motsatizana kuti mutsuke njira, muone ngati madzi akudutsa mu kasha mothamanga osatsalira.

Pang'ono za mankhwala, poti ndikudziwa ena mwagula kale. Soda kositiki amathandiza pa mafuta ochepa mu sinki yomwe ikuyendabe pang'ono, koma thewera samalisungunula, muzu samaudula, ndipo paipi ikakhala yotsekeratu amangokhala pamenepo kutentha, nthawi zina kuuma gwa ngati mwala, kenako amene abwere ndi ndodo amuthovukira m'maso. Asidi wa batire, dizilo, oyilo wakuda wa galimoto, zonsezi zimapha tizilombo tomwe timagaya zonyansa mu fosa kenako zimakathera m'madzi a pansi omwe tikumwa. Javel, mankhwala aja a klorini oyeretsera zovala, musawaphatikize ndi asidi, utsi wake umapweteka mapapo. Madzi owira nawonso ayi, PVC imayamba kufewa ikapitirira madigiri 60 ndipo mbale ya chimbudzi imatha kung'aluka, ofunda ndi sopo waufa akwana.

Tibwerere kwa aja apeza fosa itamiza paipi yolowera. Yambani mwayang'ana T ya kotulukira, ku chipinda chachiwiri, mwina yangotsekeka ndi zoyandama kapena inagwa. Ikakhala bwino yezani matope. Tengani nsungwi yaitali, kumunsi kwake kulungani thaulo loyera lakale mpaka mita imodzi mumange ndi linya, muilowetse mu chipinda choyamba mpaka igunde pansi, dikirani mphindi zingapo, muitulutse mosagwedeza. Padzaoneka podera bii pomwe matope afika. Akadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madzi yambani kusunga ndalama, akafika theka ipopetseni, chifukwa kupitirira apo matope amayamba kuwolokera ku direno n'kukaipha. Mu tauni ya Tete magalimoto opopa amapezeka, kwina funsani ku munisipiyo kapena kwa amisiri. Akamapopa muimepo, ena amangoyamwa madzi a pamwamba n'kusiya matope omwe ndi amene mwawaitanira. Asiye ochepa chabe pansi ngati mbewu ya tizilombo tija, ndipo musatsuke fosa ndi mankhwala. Kumene galimoto siifika anthu amatunga ndi ndowa ya chingwe ali pamwamba, ngati ndi choncho kumbiranitu dzenje lina kutali ndi chitsime ndi dimba, muthiremo, muwaze laimu n'kukwirira ndi dothi lokwanira tsiku lomwelo. Kukataya ku mtsinje usiku ndi ufiti, kumunsi kuli anthu akuchapa ndi kutunga.

Nanga matope ali ochepa koma madzi sakutsika? Direno imeneyo. Zipupa zake zimamatika ndi zoterera zakuda pakapita zaka mpaka nthaka imasiya kumwa, muona pamwamba pake pali chinyontho ndi udzu wobiriwira mu Okutobala pomwe pena ponse pali gwa. Kuno kumtunda ku Angónia dothi lambiri ndi katondo ndi dongo lomwe limamwa mwaulesi, ndipo mvula ikakhazikika Januwale ndi Febuluwale madzi a pansi amakwera n'kudzadza direno okha. Ku Tete mavuto ndi ena, malo ambiri ukakumba pang'ono wagunda mwala, nde amisiri amasiya kadzenje kosaya. Musanaiweruze kuti yafa fufuzani kaye madzi omwe sakuyenera kupita kumeneko. Ena amalumikiza magatala a denga ku kasha poganiza kuti akutsuka paipi. Werengani nokha, mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, nde denga la masikweya mita 100 pa mvula ya mamilimita 20 ndi malita 2000, madiramu khumi a malita 200 kulowa mu fosa madzulo amodzi. Chivindikiro cha kasha chotsika kuposa bwalo chimamwetsanso madzi othamanga, chikwezeni ndi mzere umodzi wa njerwa. Kathanki ka chimbudzi kodontha usiku ndi usana nakonso kamamiza direno mwakachetechete.

Madzi osefukira ngati a namondwe Ana uja wa Januwale 2022 amene anagwetsa mlatho wa Revúbuè, palibe direno ingamwe, chepetsani madzi m'nyumba mudikire nthaka iphwe. Kupopa fosa nthaka ili chonyowa chotero ndi kutaya ndalama, imadzadzanso, zipupa zimatha kugwera mkati, ndipo ya pulasitiki imatha kutumphuka.

Direno ikafa, kumbani ina pambali, chilimwe. Yesani malo pokumba kadzenje n'kukadzadza madzi kangapo, ngati m'mawa mwake madzi alimobe pamenepo sipabwino. Italikire chitsime kapena mjigo mamita 30, cha aneba chomwe, ndipo ikhale kumunsi kwake. Kumene pansi pali mwala kapena madzi ali pafupi, ngalande yaitali yosaya yodzadza miyala, ya paipi yoboolaboola mkati, imagwira bwino kuposa dzenje lakuya. Ndipo ngati mungathe madzi a ku bafa ndi ochapira apatseni kadireno kawokawo.

Tsopano kukumba, kumene mmisiri wanga uja anayambira. Mukumbe pokhapokha ngati ndodo ikubwera ndi mizu kapena dothi, ngati ikugunda malo amodzimodzi osadutsa, ngati pamwamba nthaka yatitimira, kapena ngati paipi ikutseka mwezi ndi mwezi a m'nyumba atasiya kuponya zinthu. Palinso vuto lina losaoneka, paipi kupinda ngati uta chifukwa pansi pake sanatsendere, madzi amadikha pamenepo ndipo zolemera zimaunjikana. Mumazindikira mukaona madzi akutsalira mu kasha, kapena wina akaunika tochi ku kasha ina inu n'kuyang'ana ndi kagalasi ku inzake, paipi yowongoka imaonetsa kuwala kozungulira, yopinda imaonetsa ngati mwezi wongooneka kumene kapena mdima.

Kumbani pa chikhomo chija, mita imodzi uku mita imodzi uku. Dziwani kaye pomwe padutsa paipi ya madzi akumwa ndi waya wa magetsi. Piki ndi ya pamwamba pokha, mukayandikira gwirani fosholo kenako manja. Dothi liunjikeni patali ndi m'mphepete, ndipo ngalande ikapitirira mita imodzi ndi masentimita 20 ikulitseni kukamwa kapena muitchinge ndi matabwa, makamaka dzinja, dothi lonyowa limagumuka osachenjeza. Kumbaninso pansi pa paipi kuti sowo ipite.

Dulani mbali yowonongeka mpaka mufike pabwino mbali zonse, modula mowongoka, mupale m'mphepete ndi fayilo kapena sandipepala kuti pasatsale zokola mapepala. Vuto la kuika chidutswa pakati ndi loti mbali zonse ziwiri sizisuntha. Njira yabwino ndi masoketi aja otsetsereka okhala ndi mphira mkati, mumawalowetsa onse pa chidutswa, kuchiika pamalo, n'kuwakankhira pa majoini, ndipo potereretsa pakani sopo osati girisi poti girisi amadya mphira. Chongani ndi pensulo kuti soketi ikhale pakati penipeni pa joini. Ngati ndi za guluu, pukutani pouma, pakani mbali zonse ziwiri, lowetsani msanga mugwire kwa kanthawi. Inu a ku Tete ndi Moatize komwe kumapitirira madigiri 40 gwirani ntchitoyi m'mamawa, masana guluu amauma musanalumikize, ndipo paipi musaisiye padzuwa imapindika isanalowe m'nthaka. Amisiri ambiri amawotcha nsonga ya paipi pamoto wa mapepala kuti ikule ilowe inzake. Ndikudziwa shopu ikakhala kutali munthu umachita zomwe ungathe, koma joini yotero imakhala yopyapyala, siigwirana bwino, ndipo pompo ndi pomwe muzu udzalowere. Ine ndikasowa soketi ndimangomanga kasha yatsopano pamalo podukapo, njerwa zochepa, mkati masentimita 50 mbali zonse, pansi kangalande kosalala ka simenti kolumikiza mapaipi awiriwo, pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti pa itatu ya mchenga. Mwakonza paipi komanso mwapeza poyang'anira pena.

Ngati mukuyala mzere wonse, nkhani ndi kutsetsereka. Masentimita 2 pa mita iliyonse, kutanthauza kuti paipi imodzi ya mamita 6 itsike masentimita 12. Osayeza ndi maso. Tengani levulo ya mita imodzi mumatire kathabwa ka masentimita 2 kunsonga imodzi, mbali ya kathabwa iloze kumunsi, kathovu kakakhala pakati ndiye kuti zili bwino. Kapena kahozi koonekera mkati kamene amisiri omanga amayezera. Kukamwa kwa paipi, mbali yotambalala yomwe inzake imalowa, kuyang'ane kumtunda komwe madzi akuchokera. Pokhota musaike elibo ya 90 pansi pa nthaka, ikani ziwiri za 45 kapena kasha, ndipo pa mzere wautali kasha pa mamita 15 aliwonse kuti ndodo izifika. Gulani paipi yochindikala, zilipo zina zotchipa zoti ukaponda ndi phazi imaphwafuka. Pansi yalani mchenga masentimita 10 mutsendere, paipi igone thupi lonse osati kutsamira pa njerwa kapena pamwala.

Musanakwirire yesani. Tsekani kumunsi ndi chisanza chokulunga mu jumbo chomangirira chingwe, dzadzani madzi kuchokera kumtunda, chongani mlingo mu kasha mudikire theka la ola mukuyenda kuyang'ana joini iliyonse. Kenako chotsani chotsekeracho muone liwiro. Mukakhutira thirani mchenga m'mbali ndi pamwamba masentimita ena 10, dothi lopanda miyala pang'onopang'ono mukutsendera ndi mapazi. Pabwalo wamba dothi la masentimita 30 kapena kuposa pamwamba pa paipi, podutsa galimoto pakhale pakuya kawiri kapena muthire konkire pamwamba. Kwathu ngolo ya ng'ombe yodzadza chimanga nayo muiwerengere ngati galimoto. Paipi yotsala poyera ipakeni penti, dzuwa limaiumitsa mpaka imasweka ngati chigoba cha dzira.

Za mizu, kudula muzu n'kusiya mtengo ndi kubwereka nthawi. Bulugama, kachere, mkuyu, nsungwi ngakhale mango zimanunkhiza chinyontho patali. Musankhe, mtengo kapena kusuntha paipi. Kwanga unali mpapaya chabe nde sizinavute, koma mango a agogo mukambirane kaye pabanja musanagwire nkhwangwa.

Fungo lokha popanda kutseka ndi nkhani yaing'ono. Pansi pa chimbudzi, sinki ndi dzenje la bafa pamakhala pokhota posunga madzi otchinga mpweya, chipinda chikakhala osagwiritsidwa ntchito madziwo amauma, ku Tete msanga kwambiri, thiranimo jagi ya madzi basi. Likapitirira yang'anani mphira wa kuseri kwa chimbudzi, kenako paipi ya mpweya ija yokwera kupitirira denga, mavu ndi mbalame zimamangamo. Ichotseni zisa muike kasefa pamwamba kuti udzudzu ndi ntchentche zisalowe. Ngati nyumba yanu ilibe paipi imeneyi ndiye chifukwa chake chimbudzi chimalira mukagejemula, ikani.

Mukamaliza, pomwe panatayikira zonyansa palani dothi la pamwamba mukwirire, waziranipo laimu, pa simenti tsukani ndi sopo kenako Javel wosungunula. Zida, majombo ndi magolovesi chimodzimodzi, zovala zichapidwe pazokha, inuyo mukasambe ndi sopo musanagwire mwana kapena nsima. Ngati chitsime chili pafupi ndi pomwe panasefukira, madzi ake muziwiritsa kapena kuthira mankhwala oyeretsera madzi akumwa ngati Certeza. Zivindikiro musamate ndi simenti yolimba, dothi kapena matope a laimu akwana kutseka fungo, ndipo muikepo zogwirira za chitsulo. Ngalande isanakwiriridwe jambulani ndi foni mbali zonse khoma la nyumba likuoneka, muyeze mamita kuchokera pa ngodya kufika pa kasha iliyonse, pa fosa ndi pa direno. Ine ndinalemba manambalawo ndi penti kuseri kwa chitseko cha sitolo, poti foni ija ndinajambulira poyamba inagwera mu kasha yomweyo.